Sitima Yokwera Phiri Chozungulira

Lolemba, ku Hausach

Ulendo uno ndaupanga chifukwa cha abambo anga. Iwo anagwira ntchito ya njanji zaka zambiri cha ku Balaka, m'gulu la anthu oyenda pansi ndi nyundo ndi sipanala, kumanga mabawuti ndi kutsendera miyala ya kwale pansi pa masilipa. Chibwerere kuno ku Germany, mumzinda wa Karlsruhe, kudzaphunzira za zomangamanga, sanandifunsepo za kuzizira kapena zakudya za kuno. Funso lawo ndi limodzi basi: "Kodi njanji zakumeneko waziona bwinobwino?" Ndakhala ndikuvomera, koma kukwera sitima n'kwina, kuiona njanji n'kwinanso. Ndiye tchuthi chino, kumapeto kwa Ogasiti, ndasankha njanji imodzi kuti ndiyende nayo modekha: kutsika, kugona, m'mawa n'kukweranso.

Dzina lake ndi Schwarzwaldbahn, kutanthauza njanji ya m'nkhalango ya Schwarzwald (nkhalango yakuda), kummwera chakumadzulo kwa Germany. Imayambira ku Offenburg n'kukathera ku Singen, mtunda wa makilomita 149, ngakhale sitima zake zimapitirira mpaka ku Konstanz, kunyanja ya Bodensee. Wachangu amaudula ulendowu pa maola ngati awiri. Ine ndaupatsa masiku 6.

Za tikiti sindinavutike. Kuno kuli tikiti ya pamwezi yotchedwa Deutschlandticket, yomwe inayamba mu Meyi 2023 pa mtengo wa mayuro 49, ndipo yakwerako kuchokera apo. Ukakhala nayo umakwera sitima zonse za m'madera ndi mabasi dziko lonse, kupatula sitima zothamanga kwambiri zija. Sitima ya njira ino ndi RE 2, yofiira, ya mabogi osanjikiza, ndipo imadutsa ola lililonse. Nditawauza abambo za ola lililonsezi anangoti phee pafoni, kenaka n'kufunsa ngati ndi Lamulungu lomwe. Ndinati eya, ndi Lamulungu lomwe.

Kuchoka ku Offenburg njanji imatsata mtsinje wa Kinzig m'chigwa chotakasuka. M'mapiri muli minda ya mpesa mizeremizere, pansi maapulo ndi chimanga chomwe ambiri amalimira ng'ombe. Palibe chodabwitsa m'chigawo chimenechi, sitima imangotsetsereka ngati ili pamphasa. Ndinatsika ku Gengenbach patangopita mphindi ngati khumi. Ndi katauni ka nyumba zakale za mitengo yopingasa yoonekera kunja, ndipo nyumba ya khonsolo ili ndi mazenera 24 kumaso, omwe mu Disembala amatsegula zenera limodzi madzulo aliwonse mpaka Khirisimasi.

Pafupi ndi siteshoni pali kanyumba kakale ka mlonda wa njanji komwe amasungiramo mbiri ya anthu oyendetsa mitengo pamadzi. Ndinapeza potseka, koma bambo wina wachikulire amene anali pabenchi ndi galu wake anandifotokozera zonse mosafunsidwa kawiri. Kale, anatero, mitengo ya m'nkhalangomu ankaimangirira pamodzi kukhala phaka lalitali, amuna n'kuimirirapo ndi mapondo, kutsika ndi Kinzig mpaka kumtsinje waukulu wa Rhine, ndipo ina inkafika ku Holland kukapangira zombo. Njanji itabwera ntchito imeneyo inafota, ndipo cha m'ma 1890 inatheratu. Ndinawafunsa kuti, "Nanga anthuwo analowera kuti, bambo?" Iwo anakweza mapewa n'kuloza kusiteshoni ndi ndodo yawo.

Madzulo ndafika ku Hausach, makilomita 33 kuchokera ku Offenburg, ndipo takwera mamita ongopitirira pang'ono 80. Pano ndi pamphambano: njanji ina imakhotera ku Schiltach ndi Freudenstadt. Ntchito yoyamba imene abambo anandituma ndaigwira. Ndajambula njanji ndili papulatifomu n'kuwatumizira, ndipo ayankha kuti aona okha kuti ndi yotakata kuposa yathu. Zoona: kuno mpata wa pakati pa zitsulo ndi mamilimita 1,435, kwathu ndi 1,067. Aonanso kuti masilipa ndi a konkire ndipo kwale wake ndi woyera, wopanda udzu. "Ameneyo amamupeta," atero.

Lachiwiri, ku Hornberg

Lero sindinayende mtunda, mwina makilomita khumi okha, koma miyendo yatopa.

Kasitima kakang'ono kochokera ku Hausach kamaima pakhomo penipeni pa malo osungirako nyumba zakale ku Gutach, otchedwa Vogtsbauernhof. Nyumba yomwe inapereka dzinali inamangidwa mu 1612 ndipo ikadali pamalo pake. Zina anazigumula kumidzi ina n'kudzazimanganso pano. Ndinalowa ndi maganizo ongodutsa, koma ndinathamo maola anayi. Denga lake ndi lalikulu, lotsika mpaka pafupi ndi pansi, ndipo pansi pa denga limodzilo pankakhala zonse: banja, antchito, ng'ombe, udzu wa ziweto. Kumbuyo nyumbayo imatsamira phiri, moti ngolo inkalowa molunjika m'chipinda chapamwamba kukatsitsa udzu. Khitchini ilibe chumuni. Utsi unkangoyenda m'nyumba, kuumitsa nyama yopachikidwa ndi kupha tizilombo todya mitengo. Nditalowamo fungo la mwaye linandigwira pakhosi, ndipo ndinaima kanthawi osayenda, poti ndi fungo la khitchini ya agogo anga lenileni, la tsindwi lakuda bii lomwe amapachikamo chimanga cha mbewu.

Ndinaonanso chipewa chija chimene chili pa zithunzi zonse zoitanira alendo ku Schwarzwald, cha mipira yaubweya pamwamba. Amachitcha Bollenhut. Mipirayo imakhala 14, yofiira kwa mtsikana wosakwatiwa, yakuda kwa mayi wapabanja. Mayi wina wofotokozera alendo anatsindika kuti chipewachi si cha nkhalango yonse ayi, ndi cha midzi itatu yokha: Gutach, Kirnbach ndi Reichenbach. Ananena mokhala ngati zimamupweteka kuti katundu wa midzi itatu wasanduka chizindikiro cha aliyense wogulitsa keke.

Masana ndinapitirira ku Hornberg. Sitima imalowa m'tauniyi ili pamwamba pa mlatho wamiyala wa makhonde 7, wa mamita 150 m'litali, madenga a nyumba ali kunsi kwako. Pa njanji yonseyi mlatho waukulu ndi umenewu wokha, ndipo chifukwa chake ndidzachinena mawa. Ndinakwera kaphiri ka linga lakale kukauonera pamwamba, n'kudikira mpaka sitima ziwiri zitadutsa. Ukaiona uli pamenepo, sitimayo imaoneka ngati mkanda wofiira womwe wina akuukoka pang'onopang'ono.

Ajeremani ali ndi mwambi wochokera m'tauni ino. Chinthu chikakonzedwa ndi phokoso lalikulu koma n'kuthera m'malere, amati chatha ngati kuwombera kwa ku Hornberg. Nthano yake imati anthu a pano ankayembekezera mfumu ya dera lawo, ndipo anakonza mizinga yoilonjera. Mlonda ataona fumbi patali anafuula, mizinga n'kulira, koma inali ngolo wamba. Fumbi lina, analizanso, zinali ng'ombe. Pomwe mfumuyo inkafika, wonga unali utatha. Eni ake sachita nayo manyazi nkhaniyi, amaisewera pabwalo chaka ndi chaka nyengo yotentha.

Mayi a nyumba imene ndagona andipatsa khadi lomwe alendo ogona kuno amayendera ulere pa sitima ndi basi za m'derali. Ndawauza kuti tikiti ndili nayo kale, koma ati, "Tengani ndithu, ndi lanu." Andichenjezanso kuti mawa ndisavutike kusankha mbali yokhala, chifukwa chigwa chidzandipeza chokha.

Lachitatu, ku Triberg

Lero ndiye tsiku lomwe ndinabwerera.

Siteshoni ya Hornberg ili pa mamita 384 kuchokera pa nyanja yamchere. Pamwamba pa phiri, ku Sommerau, ndi pa mamita 832. Mbalame itauluka molunjika ingayende makilomita 11 okha pakati pa malo awiriwa, koma iyenera kukwera mamita 448. Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo silingakwere chitunda chotero, limangoterereka pamalo amodzi. Amene anapatsidwa mutu umenewu kuti auswe anali injiniya Robert Gerwig, mbadwa ya ku Karlsruhe, wobadwa mu 1820. Yankho lake linali lakuti ngati phiri silingafupike, njira italike. Anaitambasula njanjiyo kufika makilomita 26, n'kuipinda kawiri m'zigwa kuti izibwerera komwe yachokera koma ili pamwambapo. Motero palibe pomwe imakwera kuposa mita imodzi pa mamita 50 aliwonse, ndipo sitima wamba imakwera yokha popanda mano kapena chingwe.

Zimenezi ndinaziphunzira m'kalasi, ndipo pa pepala zimamveka bwino. Kuzikhalira pampando ndi nkhani ina. Sitima itangonyamuka ku Hornberg inayamba kulira mosiyana, kulira kwa chinthu chosenza. Mdima bii, kuwala ngwee, mdima bii. Mapanga oboola phiri amatsatana moyandikana kwambiri moti diso silipeza mpata wozolowera. Njanji yonse ili ndi mapanga 39, ndipo oposa 30 ali m'kachigawo kano. Ndinayamba kuwerenga, ndinasokonezeka ndisanafike 15. Dzuwa linali kumanzere kwanga, tinalowa m'phanga lokhota, potuluka linali kumanja. Chigwa chomwe chinali mbali yanga chinasamukira kwa anzanga a tsidya lina la bogi, kenaka chinabweranso. Nthawi ina ndinasuzumira pansi n'kuona njanji ina ikung'anima m'mitengo, ndipo panapita kanthawi ndisanazindikire kuti ndi yomwe tadutsapo mphindi zochepa zapitazo. Makutu anatseka. Ana asukulu amene anali pafupi nane sanadzutse n'komwe mitu pa mafoni awo. Kwa iwo iyi ndi njira ya kusukulu.

Ndinapitirira mpaka ku St. Georgen, kuseri kwa Sommerau, n'kukwera yobwerera kutsikira ku Hornberg, n'kukweranso kachitatu kudzatsika pano pa Triberg. Woona matikiti wa ulendo wachitatu anali yemwe uja wa ulendo woyamba. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndasochera. Nditamuuza kuti ndikuonera njanji, nkhope yake inamasuka, ndipo anandiuza kuti nditsate kanjira ka oyenda pansi koyambira pasiteshoni pomwepo.

Kanjirako anakakonzera dala anthu ofuna kumvetsa njanjiyi. Kamakwera m'nkhalango ya mitengo yonga paini, yowirira moti pansi pamakhala kachisisira ngakhale masana, ndipo ndi mdima umenewu umene unapatsa nkhalangoyi dzina lakuti yakuda. Pamalo ena otchedwa Dreibahnenblick umaona njanji pa misinkhu itatu nthawi imodzi. Ndinakhala pamenepo ndi buledi wanga ndi botolo la madzi. Sitima inatulukira, inasowa, nkhalango inati zii. Ndinadikira, mpaka ndinayamba kukayika. Kenaka iyo, yatulukira pena, ikulowera kwina. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo lero ndawaona.

Funso la dzulo la mlatho lija yankho lake ndi ili. Gerwig ankakhulupirira thanthwe kuposa mlatho. Mapiri a kuno ndi a mwala wolimba kwambiri, ndipo phanga loboola m'mwala wotero silisuntha, silichita dzimbiri, ndiponso chipale chofewa cha nyengo yozizira sichilitseka. Choncho pomwe wina akanamanga mlatho kudumpha chigwa, iye ankakankhira njanji m'phiri. Inali ntchito ya manja, ya nyundo, tchizulo ndi wonga, ndipo ambiri mwa ogwira ntchito anachokera ku Italy. Nkhondo ya pakati pa France ndi maiko a Chijeremani ya 1870 inaimitsa ntchitoyi kwa kanthawi, ndipo sitima yoyamba inadutsa njira yonse mu Novembala 1873. Patapita zaka zana, pofuna kuika mawaya a magetsi, anapeza kuti mapangawo ndi aafupi. Sanagumule denga, anakumba pansi n'kutsitsa njanji. Magetsi anafika ku Villingen mu 1975.

Chinthu chimodzi sindinachikonde nditachimva, ndipo sindibisa. Panali njira ina yosavuta, yodzera ku Schramberg, yomwe ikanachepetsa mapanga ndi ndalama. Anaikana chifukwa nthawi imeneyo kuno kunali dziko la Baden, pomwe Schramberg inali m'ufumu wa Württemberg, ndipo a Baden sanafune kuti njanji yawo iponde kwa eni kapena kulemeretsa opanga mawotchi a tsidya linalo. Ndiye kuti luso lonseli linabadwa chifukwa cha malire. Amene anaswa miyala m'mapanga owonjezerawo, ena n'kuvulala, ena n'kufa, sanafunsidwe maganizo. Lero Baden ndi Württemberg ndi chigawo chimodzi.

Pafupi ndi siteshoni pali mwala waukulu wa chikumbutso cha Gerwig, ndiponso injini yakale ya malasha yoimikidwa kuti anthu aziona. Iye atachoka pano anakatsogolera ntchito ya njanji ya Gotthard ku Switzerland, komwe nzeru yomweyi ya kupinda njanji inakagwiranso ntchito. Ndawafotokozera abambo zonsezi usiku uno. Amvetsera mpaka kumapeto, ndipo funso lawo linali lakuti, "Nanga mvula ikagwa, magudumu saterereka?" Ndawauza kuti injini imathira mchenga pa njanji kutsogolo kwa magudumu. Aseka mokondwa. "Ndiye ndi chimodzimodzi kwathu kuno."

Lachinayi, ku Villingen

Siteshoni ya Triberg ili kunsi, tauni ili kumtunda, ndipo pakati pake pali chitunda chotulutsa thukuta. M'mamawa ndinapita ku mathithi a mtsinje wa Gutach, omwe amagwa mamita 163 pa masitepe 7. Mvula yakhala yochepa, choncho madzi sanali ambiri, koma phokoso lake linali lokwanira kutseka mawu a alendo. Agologolo a pamenepo anazolowera anthu, amabwera kudzatenga mtedza pafupi ndi dzanja. Madzi omwewa ndi amene anayamba kuunikira misewu ya tauniyi ndi magetsi mu 1884.

Msewu waukulu wa Triberg ndi wa mawotchi okhaokha, aja okhala ngati kanyumba, otuluka kambalame n'kulira ola likakwana. Ndinkangodutsa, poti zambiri ndi zokopera alendo. Koma m'sitolo ina mwini wake, atamva chomwe ndabwerera, anandiuza nkhani yomwe yandikhala pamtima tsiku lonse. Asanamange njanji, Gerwig yemwe uja anali mkulu woyamba wa sukulu ya opanga mawotchi ku Furtwangen, kuyambira mu 1850. Anapempha amisiri kuti ajambule maonekedwe atsopano a wotchi ya kuno. Chojambula chomwe chinadzatchuka chinali cha Friedrich Eisenlohr, katswiri yemwe ankajambula nyumba za njanji za Baden, ndipo iye anangotengera kanyumba ka mlonda wa njanji. Ndiye kuti kanyumba kaja, kopachikidwa m'zipinda zochezera dziko lonse lapansi, ndi ka munthu wonga abambo anga, woyenda ndi nyundo m'mbali mwa njanji. Ndagula kakang'ono kwambiri, kotchipa pa onse, ndipo ndakakulunga m'juzi. Sindinawauze.

Masana ndinakweranso. Phanga lomaliza pa chitundachi, la Sommerau, ndiye lalitali pa onse, mamita 1,697. Ukatulukamo dziko lasintha: zigwa zakuya zija zatha, kwatsala madambo otambalala, ng'ombe ndi thambo lalikulu. Sitima nayo imapepukidwa, kulira kuja kumaleka. Msana wa phiri limeneli umagawa madzi. Dontho logwa kumbuyo kwathu limapita ku Gutach, Kinzig, Rhine mpaka ku North Sea. Logwa kutsogolo limalowa mumtsinje wa Brigach, kenaka wa Donau, ulendo wa ku Black Sea. Zinandikumbutsa msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pomwe mvula ya mbali ina imatsikira kunyanja yathu, ya mbali inayo n'kulowera ku Mozambique.

Ku Villingen ndafika kukali kowala. Tauni yakale ikadali m'kati mwa mpanda wake wamiyala, ndi zipata zitatu zansanja ndi tchalitchi cha nsanja ziwiri. Ndadya, ndachapa masokosi, ndikugona.

Lachisanu, ku Immendingen

Ndimaganiza kuti zokoma za njanjiyi zathera kumapanga. Ndinalakwa, koma za lero si za chitsulo, ndi za madzi.

Ku Donaueschingen, pambali pa nyumba yachifumu ya banja la Fürstenberg, pali kasupe wozunguliridwa ndi mpanda wokongola. Madzi ake ndi oyera mbee, ndipo timathovu timakwera kuchokera pansi ngati mphika womwe wangoyamba kutentha. Amati pamenepa ndiye gwero la Donau, mtsinje womwe ena amaudziwa kuti Danube. Pamwala analembapo kuti mpaka kunyanja yamchere ndi makilomita 2,840. Mtsinje umenewu umakhudza maiko khumi ndi malikulu anayi: Vienna, Bratislava, Budapest ndi Belgrade. Koma anthu a ku Furtwangen savomereza zoti umayambira pano. Amati gwero lenileni lili kwawo, komwe kumayambira mtsinje wa Breg. Ndinayenda kunja kwa tauni pang'ono kukaona pomwe Brigach ndi Breg imakumana. Ana a kuno amaloweza kandakatulo konena kuti mitsinje iwiriyi ndiyo imaimika Donau pa ulendo wake. Kwa ine apo ndiye pomveka, poti ndi pomwe ndinaona mtsinje weniweni, woti mwana sangaudumphe.

Kuchoka apo njanji imayenda limodzi ndi mtsinjewo mphindi ngati khumi ndi zisanu mpaka ku Immendingen. Ndinatsika, n'kutsata gombe chotsika ndi madzi. Poyamba mtsinje unali bwinobwino, abakha akusambira. Kenaka ndinaona kuti ukuchepa, chonsecho palibe ngalande yopatutsa, palibe pampu. M'mphepete, tsidya la kuphiri, ndinamva kulira kwa madzi olowa pansi, ngati mtsuko womizidwa m'chitsime. Ndinagwada n'kuona masamba akuzungulira pa kadzenje, n'kumezedwa. Kutsogolo pang'ono kunatsala zithaphwi. Kupitirira apo, miyala yokhayokha, youma gwa.

Ndinatsikira m'khwawamo n'kuyenda pakati pa Donau nsapato zili kuphazi. Panali banja lina, ana akutola miyala yokhala ndi zidindo za nkhono zakalekale. Bambo wawo anandionetsa umodzi n'kunena kuti dera lonseli linali pansi pa nyanja. Mwala wa kuno ndi wa laimu, womwe madzi amaudya pang'onopang'ono mpaka kuboola njira zapansi. Nyengo yotentha mtsinje wonse umathera m'ming'alu imeneyi, masiku ochuluka ndithu pa chaka, ndipo Donau ya kumunsi imayambanso ndi timitsinje tina.

Nanga madziwo amapita kuti? Funso limeneli linavuta anthu mpaka mu Okutobala 1877, pomwe katswiri wa miyala Adolf Knop, wa pa sukulu ya ukachenjede ya ku Karlsruhe, anathira m'madzimo matani 20 a mchere, mafuta, ndi makilogalamu 10 a utoto wobiriwira. Patatha maola ngati 60, kasupe wa Aachtopf, makilomita 12 kummwera, kuseri kwa phiri, anatulutsa madzi obiriwira, amchere, onunkha mafuta. Kasupe ameneyu ndi wamkulu kuposa onse m'Germany, ndipo mtsinje wake umathira m'nyanja ya Bodensee, yomwe madzi ake ndi a Rhine. Ndiye kuti dontho lija ndinalisiya dzulo ku Sommerau, lomwe ndinalemba motsimikiza kuti likupita ku Black Sea, likafika pano mu Ogasiti limalowa pansi n'kukatulukira kwa anzake a ku North Sea.

Ndinawaimbira abambo ndili chiimire pakati pa khwawalo, n'kuwazungulitsira kamera. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Paja timati madzi saiwala khwawa." Ndinati, "Awa aiwala, abambo." Iwo anakana. "Iyayi, mwana wanga. Khwawa lawo ndi lapansilo. Ndiwe amene sukuliona." Sindinawatsutse, ndipo mpaka pano ndikuganizabe kuti mwina akatswiri a miyala angagwirizane nawo.

Loweruka, ku Konstanz

Kuchoka ku Immendingen sitima imasiya Donau, n'kukwera pang'ono kupita ku Hattingen, komwe imakumana ndi njanji yochokera ku Stuttgart, kenaka imalowa m'phanga la mamita 900. Tili mumdimamo ndinakumbukira kuti kwinakwake pansi pa mapiri omwewa madzi a dzulo aja akuyenda ulendo womwewu wa kummwera, m'mapanga awoawo omwe palibe anawaboola ndi tchizulo.

Kutsidya njanji imatsetsereka kudzera ku Engen kulowa m'dera la Hegau. Mapiri a kumeneko ndi oima paokhapaokha pakati pa minda, ngati Bunda kapena Nkhoma, ndipo ndi zitsa za mapiri akale ophulika moto. Ambiri ali ndi mabwinja a malinga pamwamba. Lalikulu ndi la Hohentwiel, lomwe limayang'anira tauni ya Singen. Asilikali a France analigumula cha mu 1800. Ku Singen ndi komwe Schwarzwaldbahn imathera, ndipo pafupi ndi siteshoni pali fakitale ya Maggi yomwe inayamba mu 1887. Ndinatsika ola limodzi lokha, ndi cholinga chimodzi: kukaima pa mlatho wa mtsinje wa Aach, wochokera pa kasupe wa Aachtopf uja. Unali wodzaza, wothamanga, udzu wa m'madzi ukuwerama. Ndinaujambula n'kutumiza kwa abambo popanda mawu. Anayankha ndi liwu limodzi: "Awo."

Makilomita 30 otsalawo sitima imadzera ku Radolfzell n'kuyenda m'mphepete mwa nyanja, mabango ndi timaboti toyera tili pawindo. Imawoloka Rhine pa mlatho womwe amayambira kuwerenga makilomita a mtsinjewo, n'kuima ku Konstanz, pafupi ndi doko. Bodensee amaitcha nyanja yaikulu, ndipo kwa iwo ndi yaikuludi, koma munthu wokulira ku Malawi amaona tsidya lake n'kumwetulira: yathu ingaimeze kopitirira ka 50. Pa doko pali nyumba yakale momwe akuluakulu a mpingo anasankhira Papa Martin V mu 1417, pa msonkhano womwewo umene unaweruza mlaliki Jan Hus kuti atenthedwe mu 1415. Ndinayenda pang'ono kupitirira siteshoni, ndipo ndinangoona chikwangwani chondiuza kuti ndalowa mu Switzerland, m'tauni ya Kreuzlingen. Panalibe wondifunsa kanthu. Ndinabwerera.

Mawa ndikwera sitima ya m'mawa yobwerera ku Karlsruhe osatsika paliponse. Abambo andituma ntchito yomaliza. Zithunzi akuti zakwana. Akufuna kuti tikangonyamuka ku St. Georgen ndiike foni pansi, pafupi ndi chitseko cha bogi yakumunsi, ndijambule mawu okhaokha mpaka ku Hornberg, ndipo ndisayankhulemo. Akuti akamva kulira kwa magudumu adzadziwa okha pomwe pali khona, pomwe pali phanga, ndi pomwe woyendetsa wagwira mabuleki. Foni ndaitchaja, ndipo ndafufutamo zina kuti malo akwane.